Momwe ndinathanirana ndi matuza pokonzekera Camino

Abale, matuza anatsala pang'ono kundigwetsa ulesi pa ulendo wanga wa Camino de Santiago, ulendo wachipembedzo wopita ku mzinda wa Santiago de Compostela ku Spain. Ndikufuna kukayambira ku Sarria, tawuni yomwe ili makilomita opitirira pang'ono 100 kuchokera ku Santiago, poti kuti upatsidwe satifiketi ya Compostela, yosonyeza kuti wamaliza ulendowu, ngati ukuyenda wapansi umayenera kuyenda makilomita osachepera 100, ndiye ndinayamba kuyeserera. Sabata yachiwiri ndinayenda makilomita 15, pofika kunyumba nditavula sokosi, chidendene chakumanzere chili ndi thuza lodzaza madzi, kachala kakang'ono kafiira psuu, masiku anayi ndikungotsimphina.

Ine ndimayesa vuto ndi mapazi anga osadziwa kuti ndi nsapato. Mapazi amatupa ukayenda nthawi yaitali, ndiye nsapato yomwe inali bwinobwino m'mawa imayamba kuthina masana. Ndinagula ina yokulirapo saizi imodzi, ndipo ndinakaiyesa madzulo mapazi atatupa kale. Sokosi za kotoni ndinazisiya, zija zimasunga thukuta ndipo khungu likanyowa silichedwa kukhulika, pano ndimavala zopyapyala mkati kenako zaubweya pamwamba, kuti sokosi zizikhulana zokhazokha osati ndi khungu.

Koma chomwe chandithandiza kwambiri nchakuti ndikangomva penapake pakutentha ndimaima pompo, kuvula nsapato, kupukuta phazi nkumatapo pulasitala, osati zomati ndifike kaye pamtengo apo, thuza silidikira zimenezo.

Chikwama ndinachipepukitsanso, kuchoka pa makilo 11 kufika pa 7. Loweruka ndi Lamlungu lapitali ndayenda makilomita 20 tsiku lililonse, opanda thuza ngakhale limodzi.