Kafunsidwe ka Mafunso Pophunzira Baibulo ndi Pouza Ena za Yesu

Gulu lophunzira Baibulo likakhala duu, mtsogoleri n'kumangolankhula yekha, kawirikawiri vuto silikhala la anthuwo koma la mafunso. Mwina ndi ovuta kwambiri, mwina ndi achibwana, koma nthawi zambiri amakhala kuti afunsidwa nthawi yake isanakwane. Funso lililonse lili ndi malo ake: loyamba ndi lakuti palembedwa chiyani, lachiwiri ndi lakuti wolemba ankatanthauza chiyani, ndipo lakuti ife tichite chiyani limabwera pomaliza.

Sankhani gawo lokhala ndi nkhani imodzi yathunthu, mavesi 6 mpaka 15. Podula gawolo musadalire kwambiri manambala, chifukwa alembi a Baibulo sanawaikemo. Machaputala anagawidwa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne mu 1551. Pena anadula pakati pa nkhani: ulosi wa mtumiki wozunzika wa pa Yesaya 53 umayambira pa 52:13. Choncho werenganinso za kumbuyo ndi za kutsogolo kwa gawo lanu musanakonze funso ngakhale limodzi. Gulu likhale la anthu 4 mpaka 8, ndipo pa ola limodzi mafunso 6 mpaka 8 ndi okwanira. Gawolo liwerengedwe mokweza kawiri, ndi anthu awiri osiyana.

Tiyesere pa Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe panyanja. Mafunso oyamba akhale oti munthu ayankhe ataloza chala pa vesi. Ndani anayambitsa ulendowu, ndipo inali nthawi yanji? Yesu anali pati pamene madzi ankadzaza m'ngalawa? Ndi mafunso ati amene afunsidwa m'nkhaniyi, ndipo akufunsa ndani? Anthu amene anakulira mu mpingo amafuna kudumpha mafunso amenewa poti nkhani akuidziwa kale. Musawalole. Funsani kuti mantha a ophunzira a Yesu akutchulidwa kuti anali aakulu pa vesi liti. Ambiri adzayankha kuti ndi pamene mafunde ankagavira m'ngalawa, koma akayang'anitsitsa apeza kuti ndi pa vesi 41, nyanja itachita kale bata. Apa ndiye phunziro layamba.

Kuchokera pamenepo funso la tanthauzo limabwera lokha: n'chifukwa chiyani anthu oti apulumuka akuchita mantha kwambiri? Musathamangire kuwauza. Pemphani wina awerenge Salimo 107:28-29, pamene Mulungu ndiye amatontholetsa namondwe, kenako funsani kuti Myuda wodziwa salimo limeneli akanaganiza chiyani ataona munthu akudzudzula mphepo n'kumumvera. Gulu lidzaona lokha kuti Marko akufuna owerenga atsale ndi funso la ophunzira lija, lakuti kodi ameneyu ndani. Mukanayamba ndi funso lakuti "namondwe wa m'moyo wanu ndi chiyani", mukanamva za matenda ndi ngongole ola lonse, zimene n'zoona ndithu, koma Yesu amene gawoli likumuonetsa akanatsala osakambidwa.

Funso lomaliza likhale lolunjika ndipo lichokere pa mfundo yaikulu ya gawolo. "Tidalire Mulungu" si yankho loti munthu angalichite mawa. Funsani kuti ndi nkhani iti imene sabata ino mtima ukunena kuti Yesu sakusamala, monga ananenera ophunzira pa vesi 38, ndipo mupemphera motani za nkhaniyo.

Pali mafunso amene amapha zokambirana. La "inde" kapena "ayi" limatha pomwepo. Funso lokhala ndi mafunso awiri mkati limasokoneza, anthu sadziwa loti ayambe nalo. Loipitsitsa ndi limene mtsogoleri wasunga yankho limodzi m'mutu mwake n'kumakana ena onse mpaka wina alote mawu akewo. Pakatha milungu iwiri anthu amasiya kuyang'ana m'Baibulo n'kumayang'ana nkhope yake. Nalonso funso lakuti "vesili likutanthauza chiyani kwa inu" likabwera msanga limabala matanthauzo ochuluka ngati anthu amene ali m'chipindamo. Afilipi 4:13, imene imati "ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu", imavutika kwambiri ndi zimenezi, chonsecho mavesi 11 ndi 12 akuonetsa kuti Paulo akunena za kukhutira, kaya ali ndi zochuluka kaya ali pa usiwa.

Mukafunsa, dikirani. Werengani chamumtima mpaka 10 musananene kanthu, chifukwa anthu amakhala akuwerenga ndi kuganiza. Mukazolowera kudziyankha nokha, gulu lidzazolowera kukudikirani. Wina akayankha zosemphana ndi lemba, musamuchititse manyazi komanso musavomereze. Ingofunsani mwaulemu kuti, "Zimenezo mwaziona pa vesi liti?" Amene amalankhula kwambiri mukhale naye moyandikana kuti maso anu asamagwere pa iye, ndipo muzinena kuti, "Timveko kwa amene sanalankhulepo." Funso labwino koma lotuluka m'gawo lilembeni papepala kuti mudzalione tsiku lina.

Luso lomweli limagwiranso ntchito pocheza ndi munthu amene sakhulupirira, kungoti apa mukuwerenga munthu musanatsegule buku. Pa Machitidwe 8:26-39, Filipo anapeza nduna ya ku Itiyopiya ikuwerenga Yesaya 53 ndipo anayamba ndi kufunsa ngati ikumvetsa zimene ikuwerenga. Ndunayo ndiyo inamuitana kuti akwere m'galeta, ndiponso ndiyo inafunsa kuti mneneri akunena za yani. Nayenso Yesu, pa Marko 8:27-29, anayamba ndi funso lopepuka la zimene anthu akunena za iye, kenako n'kufunsa ophunzirawo maganizo awo. Yambani chimodzimodzi: "Kodi inu munamva zotani za Yesu?" Mnzanuyo akati zipembedzo zonse n'zofanana, kapena Baibulo linasinthidwa, musalumphire kutsutsa. Funsani kuti akutanthauza chiyani kwenikweni, ndiponso anafika bwanji poganiza choncho. Mudzadziwa ngati ndi nkhani imene waiganizira zaka zambiri kapena anangoimva penapake.

Samalani kwambiri ndi funso lakuti Mulungu amalolera bwanji mavuto. Wina amafunsa pofuna mtsutso, wina amafunsa ataika maliro a mwana wake. Musanayankhe funsani modekha ngati pali chimene chinamuchitikira. Wolira mumve kaye, mfundo zidikire.

Mafunso otchera msampha asiyeni. Afarisi ndi Aherode anafunsa Yesu za msonkho wa Kaisara pa Marko 12:13-17 n'cholinga chomukola, ndipo munthu aliyense amazindikira msanga akamakokeredwa ku yankho lokonzeratu. Pa 1 Petro 3:15 okhulupirira akuuzidwa kuyankha mofatsa ndi mwaulemu. Akakufunsani chimene simukuchidziwa, nenani kuti mukafufuza, ndipo mukabweredi ndi yankho.

Komabe mafunso okha si Uthenga Wabwino. Pa Machitidwe 8:35 Filipo analankhula, kuyambira pa lemba lomwelo, n'kuuza ndunayo za Yesu. Mukamvetsera mokwanira, pemphani kuti, "Kodi mungandilole ndikuuzeni zimene ine ndimakhulupirira?" Akavomera, fotokozani kwa mphindi 2 kapena 3 zimene zili pa 1 Akorinto 15:3-4, zakuti Khristu anafera machimo athu, anaikidwa m'manda, ndipo anauka tsiku lachitatu, kenako funsani kuti ndi pati pamene pakuvuta kukhulupirira. Ngati ali ndi chidwi, panganani kuwerengera limodzi Marko, amene ndi wamfupi pa Mauthenga onse anayi, machaputala 16 okha. Muziwerenga chaputala chimodzi pa sabata, ndipo iye ndiye azibwera ndi mafunso oyamba.