Mukapita kukhoti pa nkhani ya banja opanda loya

Amayi ambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amaopa kukasuma za chisamaliro cha ana poganiza kuti kukhoti nkwa okhala ndi loya. Ayi ndithu. Kwa majisitireti mutha kudziyankhulira nokha, ndipo ngati Chisena ndicho chimakutsekulani pakamwa, nenani poyambirira kuti pakhale womasulira.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kusowa umboni. Kulira sikuthandiza kwenikweni. Tengani buku la kusikelo la mwana, malisiti a sukulu, mauthenga a pafoni, komanso ankhoswe a mbali yanu. Lembani mu kope zomwe mwana amafuna pamwezi: ufa, sopo, yunifolomu, mankhwala. Majisitireti akafunsa kuti mukufuna zingati, musati "zomwe khoti lingaone", tchulani ndalama. Mapepalawo sungani mu jumbo ndipo muwajambule pafoni, paja kuno madzi akasefukira sasankha.

Za malowolo zisakuopsezeni. Ngakhale ng'ombe zinaperekedwa, lamulo la ana la 2010 limati khoti liyang'ane ubwino wa mwana pogamula komwe akhale. Lamulo la maukwati la 2015 nalo limalola khoti kuvomereza banja la anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5, angakhale panalibe chinkhoswe.

Mlandu ukakukulirani, monga wogawana nyumba kapena munda, pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza osowa ndalama za loya. Pakakhala nkhanza, yambirani kupolisi ku Victim Support Unit. Tsiku la mlandu osaphonya, chifukwa wosuma akajomba mlandu utha kuthetsedwa.