Mmene mungaphunzitsire ana mbiri ya Salmon P. Chase

Musayambire pa udindo wake wa mkulu wa oweruza milandu ku America. Yambirani ku Cincinnati, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, komwe Chase ankagwira ntchito ya uloya. Jambulani mtsinjewo pabolodi: tsidya lina ndi Kentucky komwe kunali ukapolo, tsidya lino anthu othawa ankabisala.

Kenako afotokozereni za Matilda, mayi wothawa ukapolo amene Chase anamuyimira pamlandu mu 1837. Mlanduwo anagonja, mayiyo anabwezedwa kuukapolo. Apa ine ndimaima kaye, chifukwa ana ayenera kumva kuti loyayu anapitirizabe kuyimira othawa ukapolo ngakhale makhoti ankamukana. Afunseni: inuyo mukanatani?

Maudindo ake muwatchule mwachangu: senata (phungu wa nyumba ya malamulo), bwanamkubwa wa dera la Ohio, nduna ya zachuma ya Pulezidenti Abraham Lincoln kuyambira 1861. Musabise kuti mpando wa pulezidenti ankaufunitsitsa.

Lincoln anamusankha kukhala mkulu wa oweruza mu 1864. Chaka chotsatira, Chase analola John Rock kukhala loya wakuda woyamba kuloledwa kuyimira milandu m'khoti lalikulu la dzikolo. Mu 1868 Chase anali wapampando pa mlandu wofuna kuchotsa Pulezidenti Andrew Johnson, ndipo anakhalabe mkulu wa oweruza mpaka imfa yake mu 1873.