Momwe mungayerekezere luso lomenyana maso ndi maso mu Dungeons & Dragons

Mkangano woti wamphamvu pa nkhondo ya pafupi ndi ndani pakati pa Fighter, Barbarian, Paladin ndi Rogue (mitundu ya ankhondo m'masewera a patebulo oseweretsa madayisi amenewa) umatha msanga mukatenga pepala ndi pensulo. Ziwerengero zili pansipa ndi za malamulo a 2014, chifukwa a 2024 anasintha zinthu zina, makamaka za Paladin.

Yambani ndi kuwaika onse pa level 5, pamene Fighter, Barbarian ndi Paladin amayamba kumenya kawiri pa mpata umodzi, ndipo muwapatse mdani mmodzi wa AC 15 (AC ndi nambala imene womenya ayenera kuifikira kuti chida chimupeze mdaniyo).

Kenako pezani mwayi woti chida chimupeze mdaniyo. Ambiri amalumpha gawo limeneli, n'chifukwa chake amatamanda nkhwangwa yaikulu imene nthawi zina imangodula mphepo. Amene ali ndi Strength 18, kapena Dexterity 18 ngati ndi Rogue, amawonjezera 7 pa dayisi ya d20 (ya mbali 20), choncho akufunika 8 kapena kuposa. Zimenezi ndi mbali 13 mwa 20, kapena kuti 65 peresenti.

Tsopano chulukitsani mwayiwo ndi avareji ya chivulazo. Lupanga la greatsword limapereka 2d6 (madayisi awiri a mbali 6), avareji 7, ndipo mukawonjezera 4 wa Strength mupeza 11. Fighter womenya kawiri afika pa 14.3, Paladin chimodzimodzi. Barbarian akalowa mu Rage (ukali wake wa pankhondo) amawonjezera 2 nthawi iliyonse akamupeza mdani, ndipo Reckless Attack imamulola kuponya d20 ziwiri n'kutenga yaikulu (zimene amati advantage), zomwe zimakweza mwayi wake kufika pafupifupi 88 peresenti, motero amayandikira 23. Rogue amamenya kamodzi kokha, koma lupanga la rapier pamodzi ndi 4 wa Dexterity ndi 3d6 ya Sneak Attack (luso lake lomenya modzidzimutsa) zimakwana 19, zomwe zimatsika kufika 12.35 mukachulukitsa ndi mwayi uja, ndipo Sneak Attack imatheka akakhala ndi advantage kapena mnzake akaima pafupi ndi mdaniyo.

Musaimire pamenepo. Funsani Dungeon Master wanu, yemwe amayendetsa masewerawo, kuti pamakhala nkhondo zingati gulu lisanapume usiku wonse, pakuti Barbarian amalowa mu Rage katatu kokha, ndipo Divine Smite ya Paladin, yowonjezera 2d8 kapena kuposa, imadya ma spell slot (mipata yogwiritsira ntchito matsenga) amene pa level iyi ali 6 basi. Fighter amapezanso Action Surge yake (yomulola kumenyanso pa mpata womwewo) akangopuma ola limodzi, kotero tsiku likatalika iye ndiye amene amatsala ndi mphamvu.

Werengani ndi kupirira komwe, popeza wogwa samenya. Ndi Constitution 14, Barbarian amakhala ndi ma hit point (muyeso wa chivulazo chimene angapirire asanagwe) 50, Fighter 44 ndipo Rogue 38. Rage imadula pakati chivulazo cha zida wamba, ngakhale kuti Reckless Attack imapatsanso adani advantage pa iye.

Kwa ine, Barbarian ndiye ali patsogolo pa level 5 ngati nkhondo zili zochepa. Mukafika pa level 11 muwerengenso zonse, chifukwa apo Fighter amayamba kumenya katatu.