Momwe mungaunikire mkati mwa mpope wa mfuti pogwiritsa ntchito borescope

Mukasuzumira mu mpope wa mfuti mutaulozetsa kowala, chomwe mumadziwa n'chakuti mkatimo simunatsekeke basi. Dzimbiri, mkuwa womatirira ndi kupsa kwa chitsulo sizioneka bwino, chifukwa diso limangotsetsereka m'mbali mwa khoma. Borescope ndi kakamera kokhala ndi timagetsi, komangidwa kunsonga kwa ndodo kapena chingwe, ndipo kutsogolo kwake kuli kagalasi kopendekeka madigiri 45 komwe kamaonetsa khomalo maso ndi maso pa foni kapena pa kompyuta.

Zambiri zogulitsidwa masiku ano, monga za kampani ya Teslong, n'zonenepa pafupifupi mamilimita 5, choncho zimalowa mu mfuti ya .22 (nambala ya kukula kwa bowo m'mainchesi) ndi zokulirapo. Ya ndodo yolimba ndi yosavuta kuizunguza bwinobwino. Ya chingwe imathandiza pa mfuti yomwe bolt yake, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, sichoka, koma imapotokola chithunzi mpaka osadziwa kumwamba ndi kuti.

Choyamba, chotsani magazini, tsegulani bolt, yang'anani ndi kupisa chala mu chamber, malo okhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope, kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo. Zipolopolo zonse zikhale patali ndi tebulo. Chotsani bolt ngati imachoka, mangani mfuti pa vaisi yokhala ndi zofewa kuti isagwedere, ndipo ngati mwangowombera kumene dikirani mpope uzizire. Kutentha kumawononga kamera. Kenako pititsani tinsalu touma tiwiri kapena titatu. Mafuta amabisa ming'alu ndipo amanyezimira ndi magetsi, pomwe mankhwala otsukira amachititsa khungu kagalasi.

Sankhani kagalasi kolingana ndi kukula kwa bowo. Kakachepa, kamera imagona pansi n'kumaonetsa mbali imodzi bwino, inayo mwachimbuuzi. Pa mitundu yambiri kagalasi kamalowa ndi mazinga, ndipo kukapotokola kulowa kapena kutuluka ndiko kumawongola chithunzi. Yesani mkati mwa mpope, tulutsani, sinthani pang'ono, mpaka timizere ta chitsulo tioneke. Mukakhutira mangitsani kamphete kotsekera, apo ayi kagalasi kamasuka n'kutsalira mkati.

Lowetsani kuchokera kumbuyo, mbali ya chamber, osakakamiza. Sunthani sentimita imodzi kapena awiri, imani, zunguzani ndodo mpaka ibwerere pomwe inayambira, kenako pitirirani. Matani katepi pandodo polembapo mtunda kuti tsiku lina mudzapezenso malo omwewo. Chepetsani magetsi ngati chitsulo chikuthobwa m'maso.

Mu chamber funani dzimbiri ndi zokala zozungulira, zomwe zimachititsa chigoba cha chipolopolo kukanirira potuluka. Patsogolo pang'ono, pomwe pamathera kukamwa kwa chigoba, pamakonda kuunjikana mphete yakuda ya mwaye wolimba. Ikakula imapana chipolopolo, bolt imalimba potseka, ndipo mphamvu ya mpweya mkati imakwera. Burashi yongodutsa siichotsa. Nyowetsani malowo ndi mankhwala osungunula mwaye, dikirani, kenako zunguzani ndi dzanja burashi yokulirapo pang'ono pamalo pomwepo, n'kuunikanso.

Malo ofunika kuwapatsa nthawi ndi throat, masentimita ochepa oyambirira pomwe mizere yotukuka ya mkati, yozunguza chipolopolo, imayambira. Apa ndi pomwe moto wa onga umafika uli wotentha kwambiri. Chitsulo chimatentha n'kuzizira mwadzidzidzi pa kuwombera kulikonse, mpaka pamwamba pake pamang'ambika ngati matope ouma ndi dzuwa. Poyamba ming'aluyo imakhala yopyapyala, kenako tizidutswa timayamba kugamphuka ndipo poyambira mizere pamasunthira kutsogolo. Zipolopolo za onga wambiri pa bowo laling'ono zimadya throat msanga, n'chifukwa chake .243 Winchester imatha mpope mofulumira kuposa .308 Winchester ngakhale zigoba zawo n'zachibale. Kuwombera motsatizana mpope uli wotentha kumafulumizitsa zimenezi. Yang'ananinso ngati mizere yonse ikuyambira pamtunda wofanana. Ikatha mbali imodzi yokha, mwina chamber inabooledwa mokhota kapena ndodo yotsukira yakhala ikukhula pamenepo.

Tikuchenjezeni pano: borescope imakulitsa zinthu kwambiri, ndipo mpope wabwinobwino umaoneka wochititsa mantha. Timizere topingasa tosiyidwa ndi makina a kufakitale timapezeka m'mfuti zambiri zomwe zimalasa bwino. Ming'alu ya pa throat imayamba mpope udakali ndi moyo wautali. Musataye mpope chifukwa cha chithunzi. Pepala lomwe mumawomberapo ndilo linene ngati zipolopolo zayamba kumwazikana, kamera ingokuthandizani kupeza chifukwa.

Pakati pa mpope siyanitsani mitundu. Mkuwa umaoneka ngati mikwingwirima yofiirira, kawirikawiri pamwamba pa mizere yotukuka. Mtovu, wofala m'mfuti zowombera zipolopolo zing'onozing'ono za .22 LR, ndi wotuwa. Dzimbiri likachoka limasiya timaenje, ndipo timeneti sititsukika. Timapezeka kwambiri m'mfuti zomwe zinawombera zipolopolo zakale za usilikali, zomwe primer yake, kachitsulo koyatsira onga kumbuyo kwa chigoba, imasiya mchere wokoka chinyezi. Mchere umenewo umachoka ndi madzi, mafuta okha sauchotsa. Pochotsa mkuwa ndi mankhwala a ammonia, kansalu kamatuluka kobiriwira, koma burashi ya bronze nayo imatulutsa mtundu womwewo ngakhale mpope utayera. Apa kamera imakuuzani zoona ndipo imakuletsani kupitiriza kukwecha pachabe. Musasiye mankhwalawo mkati kupitirira nthawi yolembedwa pa botolo.

Malizani ndi crown, kukamwa kwa mpope, polowetsa kamera kuchokera kutsogolo. M'mphepete mwake mukhale mwakuthwa mofanana kuzungulira konse, chifukwa kabala kakang'ono kamatulutsa mpweya mbali imodzi n'kupotoza chipolopolo. Mmisiri wa mfuti amatha kudulanso crown popanda kusintha mpope.

Mukaona mphete yamthunzi yodutsa mizere ndi ngalande zoilekanitsa zomwe, pakati pa mpope, ndiye kuti chitsulo chinatupa, mwina chifukwa chowombera muli chotsekera. Mfuti yotere, kapena ya mng'alu wautali, musaiwomberenso mpaka mmisiri aione. Ngati zonse zili bwino, jambulani throat ndi crown, lembani chiwerengero cha zipolopolo zomwe mpope wawombera, pakani mafuta pang'ono mkati, ndipo pukutani kagalasi ndi kathonje konyowetsa sipiriti ya isopropyl musanakasunge.