Kusintha galasi lakutsogolo ndi labala wake pa kombi yakale yogonamo

Kuno kuchigwa cha Shire labala wa galasi amafa msanga kusiyana ndi ku Blantyre kapena ku Thyolo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40, ndipo labala wakuda amene akuwombedwa ndi dzuwa tsiku lonse amatentha kuposa pamenepo. Amauma gwa, amafupika, makona n'kuyamba kuyasama. M'chilimwe mumangodabwa fumbi lili mbuu pa dashibodi mawindo ali otseka. Mvula yoyamba ikagwa m'pamene zimaoneka bwino: madzi amatsikira kumawaya ndi kumafyuzi, ndipo m'galimoto yogonamo, momwe muli makabati a pulaiwudi ndi matiresi, fungo la nkhungu silichedwa.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye kuti galasi lanu linagwidwa motani. Pa galimoto zakale monga Volkswagen Kombi ya T2 ndi ya T3 (ya T3 ku South Africa anapitiriza kuipanga mpaka 2002), komanso Land Rover Defender, galasi limakhala m'ngalande ya labala wokhuthala, labalayo n'kuluma mphepete mwa chitsulo cha bodi. Palibe guluu wogwira galasi. Mukakhala m'kati mumauona mlomo wa labala utazungulira galasi lonse, ndipo mutha kuutukula ndi chala. Pa galimoto zatsopanoko monga Toyota Quantum galasi analimata ndi guluu wa polyurethane, ndipo kalabala kakunja n'kongophimba mpata. Limenelo limafuna waya wodulira ndi mankhwala ake, njira ya chingwe imene tikufotokoza pano siligwira.

Galasi loti mugule likhale la laminated, kutanthauza magalasi awiri opyapyala omatidwa ndi pulasitiki pakati. Mwala wothawa kutayala la thiraki ya nzimbe ukalimenya, limangochita mng'alu koma silikhuthukira pamiyendo panu. Onani chidindo cha pakona: pakhale mawu oti Laminated kapena AS1. Kombi zina zakale kwambiri zinabwera ndi galasi la toughened, lija limanyenyeka lonse ngati mchere wa m'misika likasweka. Musabwezeremo la mtundu umenewo kutsogolo. Pokagula tengani nambala ya chasisi ndi miyeso ya galasi lakale, m'lifupi pamwamba ndi pansi, komanso msinkhu wake pakati. Labala mugule wa galimoto yomweyo, wolumikizidwa kale kufakitale, makona ake oumbidwa. Wodula pa mita ndi wotchipa, inde, koma pa galasi lopindika amachita makwinya m'makona, ndipo m'makwinyamo ndi momwe mudzadzere madzi.

Magalasi ambiri otere mukawapeza ku Blantyre kapena ku Limbe, ndiye kuti liyenera kutsika mapiri a Chikwawa. Ambiri amaliphera panjira pomwepa. Lisagone chafufumimba pansi pa galimoto, chifukwa pakati pake pamalendewera ndipo bampu imodzi imalimaliza. Liimirire chamchendo, m'munsi mwake muli bulangete lopinda kapena siponji, litsamire pa matiresi, mulimange ndi lamba wansalu mosakoka kwambiri. Mukafika liikeni pamthunzi.

Zida sizambiri. Chingwe cha nayiloni chosalala chokhuthala mamilimita 4 kapena 5, chotalika kuzungulira galasi lonse n'kutsalako mita imodzi. Pa kombi zambiri mamita 6 amakwana. Mpeni wakuthwa, timitengo tiwiri tosemedwa chaphanthiphanthi ngati chipande chaching'ono, tepi wa pepala, burashi ya waya, sandipepala wa nambala 80 ndi 180, mankhwala opha dzimbiri a phosphoric acid, pulaima, penti, ndi chubu chimodzi cha butyl, mankhwala akuda otsekera madzi amene sauma gwa. Sukuludiraiva ikhale kutali ndi galasi: ikangokhudza mphepete mwa laminated, mng'alu umathamanga mpaka pakati. Potereretsa labala gwiritsani gilisalini wodzola uja wa m'magolosale, kapena madzi a sopo pang'ono. Girisi, oyilo, dizilo, palafini ndi Vaseline zimafufumitsa labala n'kumufooketsa. Nkhani ina ya kuno kwathu ndi madzi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere ukatsekeredwa pansi pa labala umadya chitsulo mwakachetechete. Pa ntchito iyi pezani madzi a mvula kapena a m'botolo, malita awiri ndi okwana.

Anthu akhale atatu, awiri kunja mmodzi m'kati. Galimoto iime pamalo athyathyathya, chifukwa ikapendekeka bodi imapotoka pang'ono ndipo bowo la galasi limapotoka nalo. Yambani m'mamawa, cha m'ma 6 koloko. Ikamakwana 11 chitsulo chimakhala chosagwirika ndi dzanja, sopo amauma musanakoke chingwe, ndipo anthu akatopa ndi thukuta amayamba kukankha mwaukali.

Chotsani mawaipa, mutalemba kaye ndi tepi pamene amagona, ndi kalilole wam'kati. Yalani bulangete pa dashibodi, mutseke ndi tepi mabowo otulukira mpweya kuti tizidutswa tisagweremo. Ngati galasi lakale ndi labwinobwino ndipo mukungosintha labala, musayese kupulumutsa zonse ziwiri. Dulani mlomo wakunja wa labala ndi mpeni kuzungulira konse mpaka mphepete mwa galasi ioneke, kenako wam'kati akankhe pang'onopang'ono ndi zikhatho kuyambira kukona yapamwamba, anzake akulandira kunja. Laminated sililola kupotozedwa. Ngati lasweka kale, valani magolovesi ndi zoteteza maso, limateni tepi mopingasa, mukhale pampando n'kukankha ndi mapazi onse awiri muli ndi nsapato.

Galasi likachoka, ntchito yeniyeni yayamba. Kombi zambiri zimene eni ake amati labala akudontha, vuto limakhala chitsulo cha pansi pake. Yang'anani makona awiri am'munsi, pamene madzi ndi matope zimadikha. Mudzapeza penti atatupa ngati matuza, pansi pake pali dzimbiri lofiira lomwe limafumbutuka mukalikanda. Pa galimoto imene inamirapo m'madzi osefukira, monga a namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023, mumapezanso dothi louma litadzaza mphepete yonse. Palani zonse ndi burashi ya waya, mutsatize sandipepala wa 80 mpaka chitsulo chiwale, kenako 180. Pakani mankhwala opha dzimbiri molingana ndi malangizo a pabotolo, pukutani, pulaima kawiri, penti kawiri. Penti aume tsiku lathunthu, awiri ngati kuli chinyezi. Mukafulumira, chingwe chimasenda penti wofewayo ndipo mwabwerera pomwe munayambira.

Mukapeza bowo, ngakhale laling'ono ngati njere ya thonje, pakufunika wowotcherera adule malo owolawo n'kuikapo chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana ndi chakalecho. Filala yekha sagwira pamenepo. Labala amakanikiza, dzuwa limatenthetsa, filala amang'aluka n'kuyamba kumwa madzi. Wowotchererayo muuzeni asalaze bwino ndi girenda, chifukwa kachotupa kakang'ono pamphepete kamakanikiza galasi malo amodzi, ndipo tsiku lina pamsewu wa mabampu wa ku East Bank mudzangomva kuti thee, mng'alu wayambira pansi pa labala popanda mwala uliwonse. Yendetsani chala mphepete yonse. Popindika wongolani ndi pulaya, pakuthwa palani.

Tsopano yesani galasi latsopano pabowo lopanda labala, anthu awiri ataligwira. Mpata ukhale wofanana mbali zonse. Ngati likugunda kwina, kwina n'kusiya mpata wolowa chala chachikulu, bwezani galasilo lisanadetsedwe.

Labala watsopano muyanikeni padzuwa mphindi 15 kapena 20 kuti afewe. Apa pokha m'pamene kutentha kwa kuno kumatithandiza. Galasi ligone pa matiresi, mimba yake yotukuka ili pansi. Labala ali ndi ngalande ziwiri, ya galasi ndi ya chitsulo, ndiye onetsetsani kuti ya chitsulo yayang'ana mbali yam'kati mwa galimoto. Vekani makona anayi poyamba, kenako mbali zowongoka, mukugawa labala mofanana osamukoka. Labala wokokedwa amadzabwerera pakapita milungu n'kusiya kona poyera. Mumateni ndi tepi malo angapo kuti asavuke. Ngati kombi yanu ili ndi kachitsulo konyezimira kolowa mu labala, kalowetseni pano galasi lisanakwere, pambuyo pake sikalowa.

Pakani gilisalini pachingwe ndi m'ngalande ya chitsulo. Lowetsani chingwe m'ngalandemo kuyambira pakati pam'munsi, chizungulire galasi lonse, nsonga ziwiri zidutsane pakati pam'munsi pomwepo ndi masentimita 20 kapena 30. Zotsalazo zimateni ndi tepi pagalasi mbali yam'kati. Kunsonga iliyonse mangirirani kamtengo kogwirira, apo ayi nayiloni akuchekani zala.

Awiri akunja anyamule galasi, akhazike m'munsi mwake pamphepete ya chitsulo, aone kuti lili pakatikati. Kachizindikiro ka tepi pakati pa galasi ndi pakati pa denga kamathandiza. Wam'kati ayambe kukoka nsonga imodzi pang'onopang'ono, chingwe chikuyenda chogona pagalasi cholunjika pakati pake, osati chokokera kuchifuwa kwake. Mudzaona mlomo wa labala ukutembenuka n'kukwera pamwamba pa chitsulo. Wakunja azikanikiza ndi chikhatho chotambasula pamalo pomwe chingwe chikutuluka, kutsata wam'katiyo ngati mthunzi, mnzake atagwira pamwamba kuti galasi lisatsetsereke. Kokani masentimita 30 kumanzere, 30 kumanja, mosinthanasinthana choncho. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye, galasi limathawira kwinako ndipo kona yomaliza silowa.

Makona ndiwo amang'amba labala. Mukafika pakona chepetsani liwiro, onjezani gilisalini, muzizunguza dzanja timabwalo ting'onoting'ono pokoka. Chingwe chikalimba zedi, imani. Kawirikawiri ndiye kuti galasi silinakhale pansi mokwanira: wakunja alimenye ndi chikhatho chotambasula molitsitsa, osati ndi chibakera, ndipo mphete ndi wotchi avuliretu. Makona am'munsi akalowa kwerani mbali zonse ziwiri mofanana, mumalizire pakati pamwamba. Chingwe chikapulumuka n'kusiya mlomo utapindikira pansi, kamtengo kaja kamautukula ngati malowo ndi aafupi. Akatalika kuposa chikhatho, tulutsani galasi muyambirenso. Zimawawa, koma mphindi 20 zokha, pamene kukakamiza kumathera kukagula galasi lina ku Limbe.

Likalowa, zungulirani kunja mukutukula mlomo wakunja ndi kamtengo kuti ugone bwino papenti, mulimenyemenye mofatsa kuti likhazikike. Tsukani sopo yense. Poyesa madzi, galasi likhale lozizira. Kuthira ndowa ya madzi ozizira pagalasi lomwe lakhala padzuwa la ku Bangula ndi njira ina yolisweramo. Mmodzi akhale m'kati ndi tochi ndi pepala louma, wina azithira kuyambira m'munsi, kenako m'mbali, pamwamba pomaliza. Mukayambira pamwamba simudziwa pomwe alowera, chifukwa madzi amayenda m'ngalande n'kukatulukira kutali.

Pakadontha, dikirani paume, mulowetse kamlomo ka chubu cha butyl pansi pa mlomo wakunja wa labala, mufinye mzere wopyapyala pakati pa labala ndi chitsulo pamwamba ndi m'mbali, komanso pakati pa labala ndi galasi ngati m'pamene pakulowera. Ngati pamakona am'munsi pali timabowo totulutsira madzi, musatitseke. Silikoni wa m'bafa, wonunkha ngati viniga uja, musamuyandikize. Akamauma amatulutsa asidi amene amayambitsa dzimbiri, sagwira labala nthawi yaitali, ndipo pamalo pamene silikoniyo wapakidwa, penti sadzagwiraponso bwino. N'zomvetsa chisoni kuti ndi amene amapezeka m'hadiweya iliyonse pamsewu wa M1, pamene butyl muyenera kuitanitsa kutauni pamodzi ndi galasi.

Mawindo am'mbali a galimoto yogonamo amalowa ndi chingwe chomwechi, ndipo savuta chifukwa ambiri ndi a toughened komanso ndi aang'ono. Ena, makamaka amene anachita kuboola pambuyo posandutsa galimoto kukhala yogonamo, ali ndi labala wa mtundu wina wokhala ndi kamzere kokhomera pakati. Pamenepo labala amayamba kuvekedwa pachitsulo, galasi n'kulowa m'ngalande yake ndi kamtengo, kamzereko n'kumalizira. Labala wotereyu mumadula motalikirapo ndi sentimita imodzi kapena iwiri n'kupanikiza nsonga zake kuti zikankhane, chifukwa adzafupika ndithu, ndipo polumikizira pake pasakumane ndi polumikizira pa kamzere kokhomera.

Masiku awiri oyamba pewani kumenyetsa zitseko mawindo onse ali otseka, ndipo musayambe ndi msewu wa miyala. Ikani mawaipa atsopano, chifukwa akale amakhala atauma ndipo asunga mchenga umene umakanda galasi latsopano pa mvula yoyamba. Miyezi itatu iliyonse pukutani labala ndi kansalu konyowa, akauma mupake gilisalini pang'ono, ndipo galimoto ikaima masiku ambiri phimbani kutsogolo kwake ndi mkeka kapena katoni yofika mpaka pa labala wapamwamba.