Momwe mungalumikizire rimoti yolizira galimoto ku maloko a zitseko

Mu October galimoto ikakhala padzuwa kufupi ndi msika wa Kapata, mpando umawotcha ngati chiwaya. N'chifukwa chake ena kuno ku Chipata akuikitsa kabokosi kolizira injini munthu ali patali, kuti mkati muyambe kuzizira asanalowe. Koma tsiku loyamba ambiri amadabwa: injini ikulira, akanikiza rimoti yomwe inabwera ndi galimoto, zitseko osatseguka. Magalimoto ambiri, kuphatikizapo ma Toyota athu ochokera ku Japan, amasiya kumvera rimoti yawo injini ikamalira. Choncho kabokosi katsopanoko kayenera kumakhoma ndi kutsegula zitseko kokha. Ndi ntchito ya mawaya awiri basi, bola muwapeze olondola.

Konzani multimeter (mita yoyezera magetsi), chowotcherera mawaya, tepi wamagetsi, tizingwe tomangira ndi ma relay awiri a mapini asanu (timaswichi toyendera magetsi), mwina angafunike. Kababu koyesera magetsi kasiyeni m'bokosi la zida. Kamakoka mphamvu zambiri ndipo kangathe kuwononga kompyuta ya galimoto. Mawaya ndi mapulagi achikasu musawakhudze n'komwe, ndi a airbag.

Musanayambe, tsitsani galasi la chitseko cha dalaivala. Ine ndinaphunzira zimenezi makiyi ali pampando, zitseko zinayi zonse zitakhomeka, ine ndili panja ndi pulayazi m'manja.

Chotsani kapulasitiki kam'mbali mwa phazi lakumanja la dalaivala, pomwe mtolo wa mawaya ochokera kuchitseko umalowera m'galimoto. Ikani mita pa 20V DC, nsonga yakuda muigwiritse pachitsulo chopanda penti, yofiira pa waya amene mukumuganizira. Kenaka kanikizani batani lokhomera pachitseko, maso ali pa mita.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Waya akamasonyeza 12V, nthawi zina 5V, n'kutsika kufika pa 0 mukakanikiza batani, ndiye kuti maloko anu amayendera negative. Ma Toyota ambiri ali choncho, ndipo ndi mwayi wanu chifukwa mabokosi ambiri amatulutsa negative yomweyo. Mungolumikiza waya wokhomera wa kabokosi kwa waya ameneyu, kenaka mufufuze mnzake wotsegulira m'njira yomweyo. Pamabokosi ambiri wobiriwira ndiye wokhomera, wabuluu wotsegulira, komabe onani kapepala ka kabokosi kanu. Mitundu ya mawaya a galimoto yokha musaikhulupirire: Corolla ya chaka china ndi Vitz ya chaka china sizifanana.

Waya akakhala pa 0 n'kukwera kufika pa 12V, musathamange. Akhoza kukhala wa maloko oyendera positive, koma akhozanso kukhala wopita ku kamota ka m'chitseko, amene nthawi zambiri amakhala wonenepako. Kabokosi kamatulutsa kamphamvu kochepa, pafupifupi 200mA pamabokosi ambiri, moti mukakalumikiza kwa waya wa kamota mumva fungo la pulasitiki ndipo ndalama zanu zapsa. Ngati ndi maloko a positive, ikani relay: pini 85 kwa waya wa kabokosi, 86 ndi 87 ku 12V yodutsira pa fyuzi, 30 kwa waya wa galimoto. Relay imodzi yokhomera, ina yotsegulira. Magalimoto ena alibe relay yawo, mawaya onse awiri amakhala pa earth (negative ya pachitsulo cha galimoto) batani lisanakanikizidwe. Pamenepo waya amadulidwa, mbali yochokera ku batani n'kupita pa 87a, yopita ku timamota pa 30, mapini enawo monga mwa maloko a positive aja.

Mukapeza kuti palibe waya amene akusintha momveka bwino, makamaka pagalimoto zatsopano zolizira pabatani, ndiye kuti uthenga ukuyenda pakati pa makompyuta kudzera pa CAN bus. Imeneyo imafuna kabokosi kena kogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo. Osadula chilichonse, pitani kwa wamagetsi wodziwa.

Mwawapeza mawaya? Chotsani waya wa negative pabatire. Sendani pang'ono chikopa cha waya wa galimoto osamudula, kulungani wa kabokosi pamenepo, wotchererani, mukute ndi tepi. Amakaniko ena amangopota ndi zala n'kumata tepi. Zimagwira ntchito sabata yoyamba, koma ulendo umodzi wakumudzi pamsewu wafumbi, tepi wanyeta ndi kutentha, maloko ayamba kudzikhoma okha. Mangani mawaya kutali ndi mapedo ndi chitsulo cha chiwongolero.

Bwezerani batire muyese musanatseke mapulasitiki. Khomani, tsegulani, injini ili chete. Lizani ndi rimoti, muyesenso. Chitseko cha dalaivala chokha chikamatseguka, lowani m'dongosolo la kabokosi muike kuti kazitumiza chizindikiro kawiri, ma Toyota ena amafuna zimenezo. Zikamachita mosemphana, mwasinthanitsa mawaya awiri aja, ingowabwezerani.

Yesaninso kuti injini ikukana kulira boneti ikakhala yotsegula, komanso kuti ikuzima mukaponda buleki kiyi isanalowe. Galimoto ya giya yamanja imafuna kabokosi kopangidwira yomweyo, apo ayi tsiku lomwe mwaisiya m'giya idzanyamuka yokha kulunjika mpanda wa aneba. Ndipo m'galaja yotseka musailize n'komwe, utsi wa carbon monoxide sununkha koma umapha.